Kodi kunyanyala kugula katundu wa ku Joni kungateteze abale athu ali kumeneko?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mangochi: "Achimwene anga ali ku Durban, amasamalira maluwa panyumba ya bwana wina. Kukangomveka kuti ayambanso kuthamangitsa obwera, kunyumba kuno tulo sitimationa. Pagulu lathu la WhatsApp ena akuti tonse tisiye kugula m'masitolo a eni ake a ku South Africa kuti boma lawo limve kuwawa. Kodi zimenezi zimathandizadi, kapena tingodzipweteka tokha?"

Amayi, kunyanyala kugula ndi chida chenicheni, ndipo kwawathandizapo anthu ogwira ntchito m'dziko la eni. Koma kumaluma pokhapokha ngati amene mukumumana ndalamayo ali ndi mphamvu yochita chimene mukupempha. Apa ndi pamene maganizo a pagulu lanu akutsimphina. Mwini sitolo ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe alibe chonena pa anyamata onyamula zikwanje ku Durban.

Tinayesapo kale, ndipo ambiri tikukumbukira. Kumapeto kwa Malichi 2015 chipolowe chinabuka ku Isipingo, kufupi ndi Durban, patangopita masiku ochepa mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, italankhula mawu omwe anthu anawamva kuti obwera alongedze katundu wawo azipita. Chinafalikira mpaka ku Johannesburg, komwe Emmanuel Sithole wa ku Mozambique anabayidwa m'mawa pamsewu ku Alexandra, zithunzi zake n'kutuluka m'nyuzi. Boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Bungwe loona za ufulu wa ogula la CAMA, motsogozedwa ndi John Kapito, linamema anthu kuti Lachisanu pa 24 Epulo asagule m'masitolo a ku South Africa, ndipo masitolo ngati Shoprite, Game ndi PEP anatseka tsikulo. Sitinali tokha. Ku Zambia wailesi ya QFM inaleka kuulutsa nyimbo za ku South Africa, ndipo ku Inhambane ku Mozambique kampani ya Sasol inachotsa antchito ake a ku South Africa anzawo a ku Mozambique atakana kugwira nawo ntchito.

Phokoso limeneli linamveka, zimenezo sinditsutsa. Mfumu ija inaitanitsa msonkhano pabwalo la Moses Mabhida kupempha bata, ndipo boma la Jacob Zuma linatumiza asilikali m'malo ovuta. Koma taonani chimene chinatsatira. Boma linayambitsa chisokole chotchedwa Operation Fiela, kutanthauza kusesa, akuti pofuna kuthana ndi umbanda, ndipo ambiri omwe anagwidwa anali obwera opanda mapepala. Amene tinkawalirira aja ndi omwe anakadzaza ku Lindela, malo osungirako obwera ogwidwa, kudikira kubwezedwa. Ife kuno tinaonetsa mkwiyo popanda kutchula chenicheni chimene tikufuna kuti chisainidwe, ndiye boma la eni linadzisankhira lokha yankho. Patatha zaka zinayi, mu Sepitembala 2019, zinabukanso. Ulendo umenewo bungwe la mpira la ku Zambia la FAZ linalephereketsa mpira wapaubale ndi Bafana Bafana, Nigeria inakana kupita kumsonkhano wa zachuma ku Cape Town, ndipo Cyril Ramaphosa anakuwizidwa pamaliro a Robert Mugabe ku Harare mpaka anapepesa. Anatumizanso nthumwi kukapepesa m'maiko angapo. Kupepesa n'kwabwino, koma achimwene anu akugonabe khutu lili panja.

Kuti muone kusiyana, ndikutengereni kumbuyo, ku South Africa komweko. M'boma la Bethal, kum'mawa kwa Johannesburg, munali minda ya mbatata ya kachewere yomwe mbiri yake inali yoopsa. Mu 1947 m'busa Michael Scott ndi mtolankhani Ruth First anakaona okha, mothandizidwa ndi Gert Sibande yemwe ankamema antchito a m'mindamo. Mu 1952 Henry Nxumalo wa magazini ya Drum anaululanso zomwezo. Anthu ankavekedwa masaka, kukumba mbatata ndi zala, kukwapulidwa ndi akapitawo, usiku n'kutsekeredwa ngati ziweto. Ena ankafera konko. Ambiri anali ogwidwa chifukwa chosowa chitupa, omwe apolisi ankawauza kuti m'malo mopita kukhoti asankhe kukagwira ntchito kumunda kwa miyezi ingapo. Pakati pawo panali anthu a kwathu kuno, a ku Nyasaland, ndi a ku Rhodesia, omwe analibe wowalankhulira m'dzikomo.

Pakati pa chaka cha 1959 chipani cha ANC ndi mabungwe a antchito anauza anthu kuti asiye kudya mbatatayo. Chakudya chimenechi chinali cha tsiku ndi tsiku m'malokeshoni, cha tchipisi ndi cha ndiwo, koma anthu anachitaya. M'malokeshoni ankanena kuti mbatatayo yamera pa mitembo ya anthu, ndipo ukaiyang'anitsitsa ikuoneka ngati mutu wa munthu. Matumba anaunjikana kumsika wa ku Johannesburg osowa wogula. M'chaka chomwecho, milandu ina itafikanso kukhoti, boma linaimitsa ndondomeko yotumiza ogwidwa ndi chitupa kuminda ndipo linakhazikitsa kafukufuku. Kunyanyalako kunatha patapita miyezi pafupifupi itatu. Sikunathetse nkhanza zonse za m'minda, ndipo malamulo a chitupa anakhalapo mpaka 1986. Koma pamenepo wozunza ndi wotaya ndalama anali munthu mmodzi yemweyo, mlimi wa mbatata. Mayi wa ku Sophiatown akakana kugula mbatata, ululu unkafika ndithu m'thumba la mwini chikwapu.

Nkhani yodziwika kwambiri padziko lonse ndi ya mphesa za ku Delano, ku California. Pa 8 Sepitembala 1965 antchito ochokera ku Philippines, motsogozedwa ndi Larry Itliong, ananyanyala ntchito kufuna $1.40 pa ola. Patatha sabata, gulu la antchito a ku Mexico la Cesar Chavez ndi Dolores Huerta linagwirizana nawo. Sitalaka yokha sikadapita patali, chifukwa eni minda ankangobweretsa anthu ena anjala kudzathyola mphesazo. Vuto la wobwera ndi limeneli kulikonse: kumbuyo kwake kumakhala mzere wa anzake ofuna ganyu yomweyo. Choncho anaisamutsa nkhondoyo, kuichotsa kumunda komwe anali ofooka, n'kuipititsa kumsika komwe bwana sangalembe munthu wina woti azidya mphesa m'malo mwa wokanayo.

Poyamba ankanyanyala kampani imodziimodzi. Koma kampani yaikulu ya Giumarra itayamba kubwereka zizindikiro za alimi anzake n'kumamata pa mabokosi ake, antchito anati basi, mphesa zonse za ku California zisadyedwe. Anatumiza anzawo othyola mphesa, ena oti sanatulukepo m'dera lawo, kupita ku New York, Boston, Chicago, Toronto ndi Montreal. Ankalandira $5 pa sabata, kugona m'nyumba za akufuna kwabwino, kulankhula m'matchalitchi ndi kuima pakhomo la sitolo tsiku ndi tsiku. Ku Britain ndi ku Sweden onyamula katundu kudoko anakana kutsitsa mphesazo. Boma silinali kumbali yawo, ndipo unduna wa zachitetezo unaonjezera mphesa zomwe unkagulira asilikali ku Vietnam. Komabe pa 29 Julayi 1970 alimi 26 a ku Delano anasaina mgwirizano wa $1.80 pa ola, thumba la zachipatala ndi malamulo oteteza antchito ku mankhwala opopera. Werengani zakazo, Amayi. Zisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, pamene ife tinatseka sitolo tsiku limodzi, Loweruka lake tili pamzere kugula shuga.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe oitamanda amailumpha. Mu 1974 bungwe lomweli la Chavez linkaneneza obwera opanda mapepala kwa akuluakulu oona zolowa ndi kutuluka, ponena kuti ndiwo akusokoneza masitalaka. Chida chomwe chinateteza obwera ena chinali m'manja mwa anthu omwe anatembenukira obwera anzawo. Ndikunena izi chifukwa ku South Africa nakonso alipo magulu omwe amamema anthu kuti asagule m'magolosale a Asomali, Aitiyopiya ndi Amalawi, ndipo nawonso amati akunyanyala. Mpeni wosendera mbatata ndi womwewo wobayira munthu.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi cha tomato wa ku Immokalee, ku Florida, chifukwa anthu ake anali ofooka zedi: ochokera ku Mexico, Guatemala ndi Haiti, ambiri opanda mapepala, ena osadziwa ngakhale Chisipanishi. Ndowa ya tomato yolemera mapaundi 32, pafupifupi makilogalamu 14 ndi theka, ankaithyola pa masenti 40 kapena 45, mtengo womwe unakhala osasintha kwa zaka zambirimbiri. Kuti munthu apeze $50 ankayenera kuthyola pafupifupi matani awiri. Kunalinso ukapolo weniweni, osati wongoyerekeza. Makhoti a ku America anamanga akapitawo angapo, ena mwa iwo chifukwa chotsekera antchito m'lole usiku ndi kuwamanga ndi unyolo.

Bungwe lawo, Coalition of Immokalee Workers, linayamba mu 1993. Linayesa masitalaka, kusala kudya kwa mwezi wathunthu, ndi kuyenda wapansi mtunda wautali kukadandaula. Eni minda sanafune ngakhale kukhala nawo pansi. Kenako antchitowo anadzifunsa funso lomwe ndikufuna gulu lanu lidzifunse: kodi bwana wathuyu amaopa ndani? Yankho linali ogula tomato wambiri, makampani a zakudya omwe amakakamiza mlimi kutsitsa mtengo, mlimi n'kutsitsa malipiro. Makampani amenewa ali ndi chinthu chomwe mlimi alibe, dzina lomwe aliwonongera ndalama zambiri kulitsatsa. Mu 2001 anasankha imodzi yokha, Taco Bell. Pempho lawo linali loti mwana wa sukulu atha kulikumbukira: senti imodzi pa paundi iliyonse ya tomato, yopita kwa wothyola. Ophunzira anathamangitsa malo odyera a kampaniyo m'mayunivesite angapo, ndipo mipingo ikuluikulu, kuphatikizapo ya Presbyterian ndi Methodist, inauza akhristu ake kuti asadyeko. Mu Malichi 2005 kampani yomwe ndi mwini wa Taco Bell, Yum! Brands, inavomera.

McDonald's inatsatira mu 2007, Burger King mu 2008. Eni minda anakanirirabe. Bungwe lawo linaopseza kulipiritsa $100,000 membala aliyense wopereka senti ija kwa antchito, ndipo ndalamazo zinangokhala kubanki mpaka alimi anagonja mu Novembala 2010. Chaka chotsatira panabadwa ndondomeko ya Fair Food Program, ndipo Walmart inalowamo mu 2014. Mphamvu ya ndondomekoyi ili apa: munda ukapezeka ndi ukapolo, kapena ukasunga kapitawo wogwirira amayi, makampani onse osaina amasiya kuugula. Wantchito ali ndi nambala yoimbira usana ndi usiku, ndipo oyendera minda si antchito a mlimi. Kunyanyala kunachoka pamsewu n'kulowa m'pangano lomangidwa ndi lamulo. Koma musaganize kuti nthawi zonse zimatheka. Gulu lomweli linayamba kunyanyala Wendy's mu 2016, ndipo kampaniyo inakhala zaka zambiri osasaina, itasamutsira kwina kogula tomato wake.

Zoterezi zatikhudzaponso ife, tili mbali ya oimbidwa mlandu. Mu Novembala 2019 akuluakulu oona za katundu wolowa m'dziko la America analamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa padoko chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana. Matenanti a m'maesiteti a ku Kasungu, Mzimba ndi Rumphi ambiri ndi obwera a m'dziko lawo lomwe, ochokera kummwera. Makampani ogula fodya anathamanga kukaonetsa kuti akonza zinthu, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'malamulo a ntchito. Mabungwe anali atadandaula za matenanti kwa zaka zambiri nkhani yake ikungoyenda pang'onopang'ono. Wogula atatseka chikwama, mapazi anafulumira.

Mwina mukuti, zonsezi ndi za mabwana a minda, koma ife vuto lathu ndi dziko lonse ndi boma lake. Chofanana kwambiri ndi zimenezo ndi za ku Arizona. Pa 23 Epulo 2010 bwanamkubwa Jan Brewer anasaina lamulo la SB 1070, lolamula apolisi kufunsa mapepala munthu aliyense yemwe amuimitsa ngati akumukayikira kuti ndi wobwera mozemba. Phungu wa komweko, Raúl Grijalva, anapempha mabungwe kuti asachititse misonkhano yawo ku Arizona. Mizinda ngati Los Angeles inaletsa antchito ake maulendo opita kumeneko, oimba ena anakana kukaimbako, ndipo mahotela anataya ndalama zankhaninkhani. Lamulolo silinachotsedwe ndi kunyanyala. Linakathera ku khoti lalikulu, lomwe mu Juni 2012 linafafaniza zigawo zitatu n'kusiya chofunsa mapepala chija. Chimene kunyanyala kunachita ndi ichi: mu Malichi 2011, aphungu atabweretsa mabilu ena okhwima kwambiri, akuluakulu a makampani pafupifupi 60 analembera nyumba ya malamulo kuti zakwana, bizinesi ikufa, ndipo mabiluwo anagwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho Russell Pearce, yemwe anabweretsa SB 1070, anachotsedwa pampando ndi ovota.

Apa mukuona njira yomwe ululu umayendera pofuna kufika kuboma. Uyenera kudutsira mwa anthu a ndalama omwe boma limawamvera, ndipo uyenera kukhala waukulu moti iwowo adzuke okha kukagogoda. Ndiye tidzifunse moona mtima: kodi zomwe Amalawi timagula m'masitolo amenewa n'zokwanira kudzutsa akuluakulu a kampani ku Cape Town kuti akagogode kuboma ku Pretoria? Msika wathu ndi waung'ono kwambiri poyerekeza ndi malonda awo onse. Woyamba kumva kuwawa ndi mtsikana wa pa tilu wa ku Ndirande, mlonda wa pageti, ndi mlimi wa ku Bvumbwe yemwe amaperekako kabichi. Katundu wambiri m'magolosale a Amalawi eni ake amachokeranso ku Joni komweko, wobwera ndi mabasi omwe achimwene anu amatumizira katundu kunyumba. Grijalva yemwe uja anadzasiya pempho lake patangopita miyezi yochepa, ndipo dandaulo lalikulu la nthawiyo linali loti oyalula mabedi ndi otsuka mbale m'mahotela, ambiri a iwo obwera, ndiwo ankachepetsedwa maola.

Pamene Nigeria, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi ife tichita nthawi imodzi, pamenepo nkhani imasintha, chifukwa makampani ngati MTN, ya mafoni, amapeza gawo lalikulu la phindu lawo kunja kwa South Africa. N'chifukwa chake mu 2019 nthumwi zinathamangira ku Abuja. Koma chinthu china chomwe chinachitika chaka chimenecho ndimadana nacho: ku Lagos ndi ku Lusaka anthu ena anaphwanya ndi kuba m'masitolo. Kumeneko sikunyanyala. Makanema a zoterozo amafika m'malokeshoni a ku Joni tsiku lomwelo, ndipo wolipira ndi Mmalawi yemwe akudikira takisi madzulo.

Palinso kunyanyala kwa obwera eni ake, kukhala pakhomo tsiku limodzi osagwira ntchito, osagula kanthu. Pa 1 Meyi 2006 anthu oposa miliyoni anachita zimenezi ku America potsutsa bilu ya H.R. 4437, yomwe inkafuna kuti kukhala m'dzikomo popanda mapepala ukhale mlandu waukulu. Mafakitale a nyama anatseka, ndipo biluyo sinakhale lamulo, ngakhale kuti panalinso zifukwa zina zandale. Mu Febuluwale 2017 anachitanso, ndipo anthu oposa 100 anachotsedwa ntchito. Sindingamuuze munthu wosamalira maluwa panyumba ya bwana mmodzi, wopanda bungwe lomuimira, kuti ajombe ntchito chifukwa ife a kuno takwiya.

Ndiye gulu lanu lichite chiyani? Choyamba funsani a ku Durban. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ku Delano ndi ku Immokalee oyambitsa kunyanyala anali antchito eni ake, ndipo ndiwo ankadziwa nthawi yoyamba ndi yosiya. Achimwene anu akhoza kukuuzani kuti chomwe chikuwasowetsa mtendere si zikwanje zokha, komanso bwana wodula malipiro podziwa kuti wopanda mapepala sangakasume, kapena kuchedwa kwa pasipoti ku ofesi zathu zomwe. Zina mwa zimenezi zili m'manja mwa boma lathu, ndipo boma limeneli ndi lomwe inu muli nalo mphamvu, chifukwa mumalivotera.

Ngati pali bwana kapena kampani yodziwika yomwe ikuzunza obwera, pamenepo chida chija chili ndi pogwira. Mu 2016 antchito a ku Robertson Winery ku Western Cape ananyanyala ntchito kwa masabata 14 ndipo anapempha anthu asiye kugula vinyo wa kampaniyo. Kanema wofufuza za moyo wa m'minda ya mphesa ataonetsedwa ku Denmark ndi ku Sweden, masitolo ena a ku Denmark anachotsa vinyoyo pamashelefu. Antchitowo sanapeze malipiro onse omwe ankafuna, koma ogula a ku Ulaya anayamba kufunsa mafunso omwe eni minda sakanatha kuwanyozera. M'minda ya zipatso ndi mphesa ya chigawo chimenecho mumagwira anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Malawi, ndipo zipatsozo zimakathera m'masitolo a ku Britain komwe kulinso Amalawi ambiri. Namwino wathu wa ku Manchester yemwe angalembere sitolo yake kufunsa za munda womwe mphesa zake zachokera ali pafupi ndi thumba la bwana kuposa inu ndi ine tikaima pakhomo la sitolo ku Chichiri.

Ngati chipolowe chabukanso ndipo mabungwe a kuno amema tsiku losagula, ine ndidzakhala nawo, ndipo inunso musachite manyazi kutero. Koma ndidzapita ndikudziwa kuti tikutumiza uthenga, sitikufinya munthu pakhosi, ndipo ndidzafunsa otsogolera kuti kalata yomwe akukapereka ku ofesi ya kazembe ikupempha chiyani chowerengeka: angati amangidwa mwa owotcha nyumba za anthu, milandu yawo ili pa khoti liti, obedwa katundu alipiridwa liti, ndipo tidzabweranso tsiku liti kudzamva yankho. Pagulu lanu la WhatsApp yambani ndi kupeza nambala ya bungwe la Amalawi a ku Durban ndi ya maloya a Lawyers for Human Rights, omwe ali ndi ofesi mumzindawo ndipo amathandiza obwera, muwatumizire achimwene anu aisunge mufoni.